Phunziro la Mwezi Uno: Kashiamu ndi Tiziwalo Tinayi ta Pakhosi pa Khanda



Sabata yoyamba ya mwana wobadwa kumene imakhala ya chimwemwe ndi piringupiringu. Mayi ali m'chikuta, achibale akusakasaka mbuzi ya aqiqah, agogo akukambirana za dzina. Koma ndi m'sabata yomweyi momwe makanda ena amayamba kunjenjemera timanja, kugwedera nkhope, kapena kuuma thupi lonse. Kawirikawiri chomwe chimachititsa ndi kubanika pobadwa, tizilombo tolowa m'magazi kapena mu ubongo, ngakhalenso kuchepa kwa shuga m'thupi. Palinso chifukwa china chomwe sichitchulidwatchulidwa kumudzi, ndicho kusokonekera kwa kashiamu m'magazi. Nthawi zina vutoli ndi la masiku ochepa, nthawi zina ndi la kumtundu. Lero tiphunzira momwe thupi limasungira kashiamu, momwe vutoli limayendera m'banja, ndi zomwe tingachite tikaona zizindikiro.

Kashiamu amagwira ntchito yanji?

Kashiamu ndi mchere wa m'thupi womwe timaupeza m'zakudya. Munthu wamkulu amakhala ndi kashiamu wolemera pafupifupi kilogalamu imodzi, ndipo magawo 99 mwa 100 ali m'mafupa ndi m'mano. Kagawo kotsalako kali m'magazi ndi m'minofu, koma nkofunika kwambiri. Popanda kashiamu wa m'magazi mtima sungagunde bwino, minofu singakoke ndi kumasuka m'nthawi yake, mitsempha singatumize uthenga molongosoka, ndipo magazi sangaundane pabala.

Mwa munthu wamkulu mlingo woyenera uli pakati pa 2.2 ndi 2.6 mmol pa lita imodzi ya magazi. Taonani kuchepa kwa mpata umenewu. Mlingo ukatsika, mitsempha imakhala yamantha ngati mbuzi yomva fungo la fisi: kanthu kakang'ono kamaidzidzimutsa, ndipo minofu imakokana yokha. Mlingo ukakwera kwambiri, thupi limalefuka, m'mimba mumauma, ndipo impso zimatopa.

Akapitawo anayi a nkhokwe

Kutsogolo kwa khosi kuli chithokomiro, chiwalo chomwe chimatupa munthu akasowa ayodini. Kuseri kwake kuli tiziwalo tinayi, kalikonse kakang'ono ngati njere ya mpunga, totchedwa parathyroid. Ntchito yake ndi yosiyana kotheratu ndi ya chithokomiro, kungoti tinakhala moyandikana. Chifukwa cha kuchepa kwake, akatswiri anatizindikira mochedwa. Cha m'ma 1850, Richard Owen anaona kachiwalo kotere posenda chipembere chomwe chinafera kumalo osungirako nyama ku London. Mu 1880, Ivar Sandström, wophunzira za udokotala ku Uppsala m'dziko la Sweden, anafotokoza tiziwaloti mwa anthu. Ophunzira athu, zindikirani kuti ameneyu anali akadali pasukulu. Mu 1925, James Collip wa ku Canada anatcheza madzi a tiziwaloti naonetsa kuti amakweza kashiamu m'magazi.

Tiyerekeze kuti mafupa ndi nkhokwe, magazi ndi mphika wa pamoto, ndipo tiziwalo tinayiti ndi akapitawo. Kashiamu akachepa m'magazi, akapitawo amatumiza mthenga, homoni yotchedwa PTH, kumalo atatu. Ku mafupa imati, "Tsegulani nkhokwe." Ku impso imati, "Musataye kashiamu mumkodzo, tayani fosifolasi." Imauzanso impso kuti zikonze vitamini D kukhala wamphamvu, kuti matumbo ayamwe kashiamu wambiri m'chakudya. Mlingo ukabwerera m'malo mwake, akapitawo amaleka kutuma mthenga.

Nanga amadziwa bwanji kuti kashiamu wachepa? Aliyense amene anathyolapo tiyi akudziwa kuti dengu siliyesedwa ndi maso, limakwera pasikelo. Tiziwaloti tilinso ndi sikelo yake, yotchedwa CaSR, yomwe Edward Brown, Steven Hebert ndi anzawo anaitulukira ku Boston mu 1993. Isungeni m'mutu sikeloyi, chifukwa tibwererakonso.

Masiku atatu oyamba

Mwana ali m'mimba safunika kudzivutikira. Nsengwa imamupopera kashiamu kuchokera kwa mayi, moti pobadwa amakhala ndi magalamu pafupifupi 30, ndipo magawo 80 mwa 100 amalowa m'miyezi itatu yomaliza. Mchombo ukangodulidwa, mpopi uja watsekedwa. Kashiamu amatsika mpaka kufika pansi pakati pa maola 24 ndi 48, kenako tiziwalo ta mwana timadzuka n'kuyamba ntchito. Izi zimachitikira khanda lililonse, ndipo ambiri amadutsa bwinobwino.

Ena amatsika kupitirira muyezo. Awa ndi ana obadwa masiku asanakwane, ana amene anabanika pobadwa, ndi ana a amayi odwala shuga. Nkhaniyi ikutikhudza, pakuti lipoti la bungwe la WHO ndi anzake la mu 2012 linaika Malawi patsogolo pa dziko lonse lapansi, ndi ana pafupifupi 18 mwa 100 obadwa masiku asanakwane. Mwana wobadwa pa miyezi isanu ndi iwiri waphonya nthawi yomwe nkhokwe yake imayenera kudzazidwa.

Vuto lomwe limayamba patapita masiku atatu

Kashiamu akatsika pakutha pa sabata yoyamba kapena m'sabata yachiwiri, madokotala amafunafuna zifukwa zina. Zitatu mwa izo si zakumtundu ndipo zili m'manja mwathu.

Choyamba ndi mkaka wa ng'ombe. Kuno ku Thyolo, makamaka cha ku Bvumbwe, alimi ambiri amaweta ng'ombe zamkaka, ndipo mkaka ndi chakudya chabwino kwa mayi ndi kwa ana okulirapo. Koma kwa khanda ndi woopsa. Uli ndi fosifolasi wochuluka pafupifupi kasanu ndi kamodzi kuposa mkaka wa m'mawere. Impso za khanda zimalephera kumutaya, ndipo fosifolasi akachuluka kashiamu amagwa. Mayi akadwala kapena akamwalira, achibale amathamangira mkaka wa ng'ombe ndi mtima wabwino, osadziwa ngozi yake. Zikatero, pitani kuchipatala akakulangizeni za kadyetsedwe koyenera.

Chachiwiri ndi kuchepa kwa vitamini D mwa mayi. Vitamini ameneyu amapangidwa pakhungu likawombedwa ndi dzuwa. Amayi othyola tiyi amalipeza dzuwa lokwanira. Amene tiyenera kuwaganizira ndi amayi oyembekezera okhala m'nyumba tsiku lonse, makamaka m'nyengo ya chiperoni. Kuothera dzuwa manja ndi miyendo kwa kanthawi, masiku angapo pasabata, kuseri kwa mpanda wa pakhomo, kumathandiza ndipo sikuphwanya ulemu wa kavalidwe kathu.

Chachitatu n'chodabwitsa. Mayi akakhala ndi kachotupa pa parathyroid, kashiamu wake amakwera, ndipo tiziwalo ta mwana timagona tulo m'mimba poona kuti palibe chosowa. Akabadwa timachedwa kudzuka. Choncho matenda a khanda angathe kuulula matenda a mayi, ndipo musadabwe adokotala akapempha kuyeza magazi a mayi pamene wodwala ndi mwana.

Za kumtundu: tiyambe ndi mawu

Malangizo omangira thupi la munthu amalembedwa m'timagawo totchedwa ma gene. Mabuku ena a Chichewa amalemba mawuwa kuti "majini". Pano tiwapewa, kuopa kuti wina angakauze agogo kuti kusukulu aphunzitsa kuti mwana wagwidwa ndi majini. Ma gene si mizimu. Ndi malangizo a thupi osanjidwa pa ma chromosome 46, ndipo 23 amachokera kwa mayi, 23 kwa bambo. Choncho pafupifupi langizo lililonse tili nalo kawiri. Mwa matenda a parathyroid obadwa nawo, tiona atatu.

1. Matenda a DiGeorge

Awa ndiwo ofala kwambiri pagululi. Anafotokozedwa mu 1965 ndi Angelo DiGeorge, dokotala wa ana ku Philadelphia. Kachidutswa kakang'ono ka chromosome nambala 22 kamakhala kulibe, ndipo izi zimachitikira mwana mmodzi mwa ana pafupifupi 4,000. Tiziwalo ta parathyroid timakula pamodzi ndi chiwalo cha chitetezo cha thupi chotchedwa thymus komanso mitsempha ikuluikulu ya mtima, ndiye kachidutswaka kakasowa zonsezi zingakhudzidwe. Mwana angabadwe ndi kashiamu wochepa, vuto la mtima, m'kamwa mong'ambika kumwamba moti mkaka umatulukira m'mphuno, ndi kudwaladwala. Ena amachedwa kulankhula ndipo amavutika m'kalasi. Sikuti aliyense amakhala ndi zonsezi, ndipo alipo akuluakulu amene amadziwika pokhapokha mwana wawo atayezedwa.

Mfundo yofunika kuisunga ndi iyi: mwa ana 10 odwala matendawa, pafupifupi 9 makolo awo alibe vutoli. Kachidutswaka kamasowa mwangozi pamene mbewu ya bambo kapena dzira la mayi likupangidwa. Koma munthu amene ali nawo akakula, mimba iliyonse imakhala ndi mwayi wa theka wopatsira mwana. Kafukufuku wotsogozedwa ndi a National Institutes of Health a ku America mu 2017 anaonetsa kuti kwa ana a khungu lakuda matendawa ndi ovuta kuwazindikira poyang'ana nkhope, chifukwa zithunzi za m'mabuku a madokotala zinali za ana a ku Ulaya kwambiri. Wina mwa inu ophunzira angadzathandize kudzaza mpata umenewu.

2. Matenda a Sanjad-Sakati

Awa anafotokozedwa ku Riyadh, m'dziko la Saudi Arabia, mu 1988 ndi 1991, ndi madokotala a ana Sami Sanjad, Nadia Sakati ndi anzawo. Atsikana athu, dziwani kuti Nadia Sakati ndi mayi wobadwira ku Damascus, ndipo dzina lake lili pa matenda atatu m'mabuku a udokotala. Ana odwala matendawa amabadwa ochepa thupi, tiziwalo ta parathyroid sitigwira ntchito, amakomokakomoka m'masabata oyamba, ndipo amapinimbira. Amapezeka kwambiri m'mabanja a Chiarabu momwe makolo ndi apachibale. Tawatchula chifukwa amatiphunzitsa njira ya kayendedwe ka matenda yomwe imagwiranso ntchito pa sickle cell, matenda omwe tikuwadziwa kuno.

Njira yake ndi iyi. Bambo ali ndi gene imodzi yabwino ndi ina yolakwika, mayinso chimodzimodzi. Onse awiri ndi athanzi, chifukwa gene yabwino ikugwira ntchito. Mwana amadwala pokhapokha atalandira yolakwika kuchokera kwa onse awiri. Yesani izi m'kalasi. Tengani ndalama ziwiri zachitsulo, ina ikhale ya bambo, ina ya mayi, ndipo mugwirizane mbali yomwe ikuimira gene yolakwika. Ponyani maulendo 40 mukulemba zotsatira. Mudzapeza kuti pafupifupi ulendo umodzi mwa anayi zonse ziwiri zagwera kolakwika, maulendo awiri mwa anayi imodzi yokha, ndipo ulendo umodzi mwa anayi zonse zagwera kwabwino. Mudzaonanso kuti ndalama ilibe chikumbumtima. Banja lomwe mwana woyamba wadwala lisaganize kuti atatu otsatira ndi otetezeka. Mimba iliyonse ndi kuponya kwatsopano.

3. Sikelo yonama

Tibwerere ku sikelo ija ya CaSR. Ikamaonetsa kulemera kuposa zenizeni, akapitawo amaganiza kuti kashiamu wakwana pomwe ndi wochepa, ndipo amaleka ntchito msanga. Munthu wotere amakhala ndi kashiamu wotsika, ndipo gene imodzi yokha ya kholo limodzi ndi yokwanira kubweretsa vutoli.

Ikamaonetsa kupepuka, akapitawo amangoitanitsabe. Wolandira gene imodzi yotere amakhala ndi kashiamu wokwera pang'ono moyo wake wonse, nthawi zambiri osadwala n'komwe. Koma khanda lolandira ziwiri limakhala pangozi yaikulu. Nkhokwe ya mafupa imakokoloka, nthiti zimafewa mpaka kuthyoka, mwana amalefuka ngati nsanza yonyowa, sayamwa, amadzimbidwa, ndipo amapuma movutikira. Kawirikawiri chomwe chimapulumutsa moyo wake ndi opaleshoni yochotsa tiziwalo ta parathyroid, kenako amamwa mankhwala moyo wake wonse.

Nanga ukwati wa chisuweni?

Ukwati wa asuweni ndi wololedwa m'Chisilamu, ndipo miyambo yathu yambiri ya kuno inkaudziwa kuyambira kale. Sitikuletsa chomwe chinaloledwa. Tikungoika chowonadi poyera. Asuweni enieni amafanana gawo limodzi mwa magawo 8 a ma gene awo, choncho mwayi woti onse awiri asunga gene yolakwika yofanana ndi wokulirapo. Kafukufuku wa ku Bradford ku England, wofalitsidwa mu 2013, anapeza kuti ana obadwa ndi chilema chachikulu anali pafupifupi 3 mwa 100 kwa makolo osakhala pachibale, ndi pafupifupi 6 mwa 100 kwa asuweni. Chiwerengerocho chawirikiza kawiri, komabe ana 94 mwa 100 anabadwa opanda vuto lotere. Tisawachititse manyazi mabanja a chisuweni. Chofunika ndi chakuti ngati m'banja mwamwalirapo makanda angapo ndi zizindikiro zofanana, ankhoswe ndi makolo anene poyera nikah isanamangidwe, ndipo awiriwo akaonane ndi dokotala. Kubisa nkhani yotere ndi kulakwira mkamwini, mtengwa ndi ana osabadwa.

Zizindikiro zothamangira nazo kuchipatala

Khanda likamanjenjemera manja ndi miyendo kawirikawiri, likamagwedera nkhope kapena zikope, likauma thupi, likamalira mokhwekhwereza pokoka mpweya, likaleka kupuma kwa kanthawi, likada milomo, likakana bere, kapena likalefuka, musadikire kuti kuche.

Mugonekeni mwana chammbali ndipo mumufunditse. Musaike chala, supuni, madzi, uchi kapena mankhwala azitsamba m'kamwa mwake. Musamufukizire utsi. Ngati pali foni, wina ajambule kanema wa masekondi ochepa, chifukwa kugwedera kumatha kuleka musanafike ndipo adokotala adzafuna kuona. Tengani mabuku a kuchipatala a mayi ndi mwana. Duwa tichite tili m'njira. Chiphunzitso chathu chimatilamula kufuna mankhwala, ndipo kuyedzamira kwa Allah sikutanthauza kukhala pansi.

Yambirani pa chipatala chapafupi, kaya ndi kiliniki ya pa esiteti kapena ya boma. Iwo angakutumizeni ku Thyolo District Hospital kapena ku Malamulo ku Makwasa, ndipo zikavuta, ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, komwe kuli chipinda cha makanda cha Chatinkha ndi Mercy James Centre yomwe inatsegulidwa mu 2017 kuti izichita maopaleshoni a ana. Malangizo a pafoni amapezeka ku Chipatala cha pa Foni, koma mwana akamakomoka nyamukani osayamba mwaimba.

Auzeni adokotala zinthu zinayi: ngati mayi ali ndi shuga kapena anadwalapo timiyala ta mu impso, zomwe mwana wamwa kupatula bere, ngati makolo ndi apachibale, ndi ngati m'banja munatayikapo makanda. Funsani mwaulemu ngati kashiamu wayezedwa. Kwa khanda lobadwa masiku atakwana, mlingo wosafika 2.0 mmol pa lita ndi wotsika. Chithandizo chamwamsanga ndi kashiamu wa m'diripi, yemwe amaperekedwa pang'onopang'ono akuyang'anira kugunda kwa mtima. Kwa ana ambiri vutoli limatha m'masiku ochepa. Kwa amene tiziwalo tawo sitigwira ntchito, pamafunika kashiamu wakumwa ndi vitamini D wamphamvu, monga alfacalcidol kapena calcitriol, ndi kuyezetsa magazi pafupipafupi, chifukwa mankhwalawa akachuluka amawononga impso. Musagule mapiritsi a kashiamu pamsika n'kumamwetsa khanda.

Lilime lathu

Khanda likamakomoka, kapena banja likataya ana awiri motsatizana, mudzi sukhala chete. Ena amati ndi tsempho, bambo anayenda njira zokhota. Ena amaloza chala agogo okalamba kuti ndi mfiti. Ena amati mkaziyu ali ndi tsoka, ndipo ukwati umatha maliro asanaiwalike. Taona kuti pa matenda a DiGeorge nthawi zambiri palibe kholo lomwe linapatsira mwana, ndipo pa matenda ofuna ma gene awiri bambo ndi mayi amapereka mofanana, osadziwa ndiponso osalakwa. Kunamizira munthu ndi tchimo lalikulu, ndipo masiku omwe timataya pofunafuna wolakwa ndi omwewo omwe mwana akanachirira.

Ntchito ya aliyense

Makolo, onetsetsani kuti mayi woyembekezera wayamba sikelo msanga, wayezetsa shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo akabereke kuchipatala. Adye usipa ndi matemba pamodzi ndi minga yake, mpiru, chigwada, phala la mawere, nyemba, ndi mkaka wowiritsa. Mwana ayamwe bere lokha miyezi 6 yoyamba, n'kupitiriza kuyamwa mpaka zaka ziwiri, monga momwe Qur'an ndi alangizi a zaumoyo amagwirizanira. Lamulo la ntchito la dziko lino, Employment Act ya mu 2000, limapatsa mayi wapantchito tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera 8 ndi malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu. Mayi akabwerera kumunda wa tiyi, afinye mkaka wake m'kapu yoyera yovundikira kuti wolera azimwetsa mwana.

Akomiti ya mzikiti, tikukupemphani zinthu ziwiri. Choyamba, pakhale thumba la sadaka la mayendedwe adzidzidzi, ndi mndandanda wa anthu a galimoto ndi njinga zamoto omwe angadzutsidwe usiku. M'makomboni a m'maesiteti, makamaka nthawi ya mvula pamene misewu yaterera, kusowa kwa ndalama ya ulendo ndiko kumachedwetsa mabanja. Chachiwiri, amayi a dawa akamakaona mwana watsopano m'sabata yoyamba, azifunsa ngati akuyamwa bwino, ngati akunjenjemera, ndi ngati wamwetsedwa china chilichonse.

Ophunzira, inu ndinu amene mumawerengera agogo mapepala a kuchipatala. Muwawerengerenso phunziroli.

Mafunso obwereza

1. Tchulani malo atatu omwe PTH imagwira ntchito pokweza kashiamu m'magazi.
2. N'chifukwa chiyani mwana wobadwa masiku asanakwane amakhala ndi kashiamu wochepa?
3. Mkaka wa ng'ombe uli ndi kashiamu wambiri. Fotokozani chifukwa chake umatsitsa kashiamu wa khanda.
4. Bambo ndi mayi onse ali ndi gene imodzi yolakwika, ndipo mwana wawo woyamba wadwala. Kodi mwayi woti wachiwiri adwale ndi wotani? Gwiritsani ntchito zotsatira za ndalama zanu zija.
5. Mnansi wanu akuti khanda lake likugwedera chifukwa cha tsempho. Lembani zomwe mungamuuze mwaulemu, m'ziganizo zisanu.

Mayankho aperekedwe kwa aphunzitsi a kalasi yanu lisanafike Lachisanu lomaliza la mwezi uno. Allah awapatse thanzi makanda athu, ndipo awalimbitse mtima makolo amene akudwazika.